Kwathu n'kokongola, atero alendo

Ife a ku Thyolo kukongola kwa kwathu timachita kumva kwa alendo. Munthu amachoka ku London kudzajambula minda ya tiyi ya Satemwa, yomwe inayamba mu 1923, pomwe ife timangodutsamo pothamangira minibasi. Akamulawitsa tiyi, amamwa wopanda shuga, wopanda mkaka, n'kumagwedeza mutu mokhutira. Kwathu kuno zimenezo timati mwezi wafika poipa. Tiyi weniweni amafuna masipuni anayi a shuga, pambali chinangwa chophika. Masamba abwino amapita kumsika wa ku Limbe n'kuwoloka nyanja, ife n'kumagula zotsalazo pa okala. Koma mlendoyo tidzamulawitse kalongonda wosapsa bwino, tione ngati njira yobwerera ku Huntingdon House, nyumba yogona alendo ya pa Satemwa, angaikumbuke.