Besi ija sindinayimbe ndekha

Mukamva nyimbo ya kwaya yathu ikulira m'mafoni a amayi a mumsika wa Chipasula, mutchere khutu ku besi yake. Ndi yolemera, yoyera, ndipo siphonya pogwera. Anthu akhala akundigwira chanza chifukwa cha besi imeneyi, ine nkumalandira ndi manja awiri nditazolika, ndikunena kuti ndi chisomo chabe. Chisomo chakecho chili Folomu 3, ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo chimagona pamphasa pabalaza panga.

Ine ndine wa m'badwo wa sungura. Besi ndinaiphunzira pomvera makaseti a Alick Macheso, wobadwira ku Shamva ku Zimbabwe koma wa magazi a kuno kwathu, amene anakulira m'gulu la Khiama Boys pansi pa Nicholas Zakaria asanayambitse Orchestra Mberikwazvo. Macheso anachotsa besi kumbuyo kwa bandi nkuiika patsogolo. Amatsetsereka nayo, amaimenya, amaiyankhulitsa. Ine ndinatengera kutsetsereka ndi kumenyako. Kuyankhulitsako ndinkakhulupirira kuti nakonso ndatenga, chifukwa kutchalitchi palibe amene amauza woyimba besi zoona. Amaopa kuti angakwiye nkunyamula ampu yake.

Kenako kunabwera amapiano kuchokera m'malokeshoni a ku Gauteng, ndi mayina a Kabza De Small ndi DJ Maphorisa, ndipo achinyamata a m'kwaya anayamba kulakalaka besi ija amaitcha log drum. Imeneyi si ng'oma ndipo si gitala. Ndi mawu opangidwa m'kompyuta, ambiri amawatenga m'pulogalamu ya FL Studio, ndipo amawayimba pa kiyibodi kapena kungowalemba ndi mausi. Mtsikana wina wa alto anandiuza mwaulemu wonse, manja ali kumbuyo, kuti, "Ankolo, besi yanu ndi yabwino kwambiri, makamaka pamaliro." Kiyibodi sindiidziwa, ndipo zoti munthu wa imvi ndikagwadire ana kuti andiphunzitse, mtima unakana.

Ndiye ndinamva za kabokosi kena kokwana m'thumba la shati, koyendera batire ya 9V. Mbali imodzi umalowetsa chingwe cha gitala, mbali inayo kumatuluka chingwe cha MIDI cha timano tisanu. Iwe ukuyimba besi monga mwa masiku onse, kompyuta ikumva ngati pali munthu pa kiyibodi. Alamu anga a ku Joni anakapeza kogwiritsidwapo kale ntchito nkukatumiza pabasi. Mwatsoka ndinkawabwezera ndalama Kwacha itangogwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Mtengo umene ndinauza mayi a kunyumba ndi wa Kwacha isanagwe, ndipo nawonso ndinaudulako pang'ono.

MIDI si yachilendo. Inayamba mu 1983, pamene Dave Smith wa kampani ya Sequential Circuits ku America ndi Ikutaro Kakehashi wa Roland ku Japan anagwirizanitsa opanga zoyimbira kuti makina awo azimvana. M'chingwe chake simudutsa mawu ayi. Mumadutsa uthenga wokha: noti yakuti yayamba, yagundidwa mwamphamvu chonchi, tsopano yatha. Noti iliyonse ili ndi nambala yake kuyambira 0 mpaka 127, ndipo nsambo yaikulu ya besi, ya E, ndi nambala 28. Kompyuta ikalandira nambalayo imaiveka mawu alionse ungafune, kaya piyano, kaya lipenga, kaya log drum ya ana aja. Pa kiyibodi nkhani ndi yophweka, chifukwa ukadina batani makinawo adziwiratu kuti ndi liti. Pa gitala kabokosiko kayenera kumvetsera kaye nsambo ikunjenjemera, kenako nkuganiza kuti yanena chiyani.

Vuto lagona pamenepo, ndipo si la amene anakapanga. Nsambo ya E imanjenjemera ka 41 pa sekondi, kutanthauza kuti kunjenjemera kumodzi kumatenga mamilisekondi pafupifupi 24. Kabokosiko sikangatchule noti kasanamve kunjenjemera kumodzi kwathunthu, ndipo kawirikawiri kamafuna kumva kopitirira kamodzi kuti katsimikize. Zili ngati womasulira ulaliki: ngakhale atachenjera bwanji, sangayankhule mlaliki asanamalize mawu, ndipo mlaliki wa mawu okoka amamuchedwetsa kwambiri. Mamilisekondi 40 kapena 50 akuoneka ochepa papepala. Koma amapiano amayenda pa magundo pafupifupi 112 pa mphindi, ndipo timanoti tating'ono timene log drum imadumphapo timatalikirana ndi mamilisekondi 134 okha. Kuchedwa ndi gawo limodzi mwa magawo atatu a kampata kameneko, ngakhale agogo osamva bwino amazindikira kuti wa besi akubwera m'mbuyo.

Zimenezo ndikanapirira, chifukwa ndi masamu ndipo masamu sanyoza munthu. Chimene chinandivula ndi china. Kabokosika kamamva noti imodzi pa nthawi imodzi, ndipo kamalemba chilichonse chimene kamva. Mphwanga uja atatsegula laputopu yake nkundionetsa zimene ndinayimba, zinali timizere tambirimbiri tomwazikana. Ndinamufunsa kuti tizinyalala timeneti tachokera kuti. Anati, "Ndi inuyo amalume. Apa chala chinakhudza nsambo ya A pobwerera. Apa E imalirabe inu mutapita kale ku D. Apa mumatsetsereka, ndiye kalemba fureti iliyonse imene mwadutsa." Zaka zonse zimene ndakhala ndikudzitcha Macheso wa ku Chipasula, ng'oma ndi mawu a kwaya zinkandikwirira. Zimene ndinkati ndi luso, pa sikirini zinkaoneka kuti ndi zala zosadziwa kukhazika chete nsambo zimene sizikuyimbidwa.

Ndinayamba ndaloza chala nsambo, kuti zakalamba. Oyimba besi timadziwa kuti nsambo zikafa mawu umaziwiritsa m'madzi kuti thukuta ndi litsiro zichoke, zimatsitsimukako kwa kanthawi. Ndinaziwiritsa pambaula, m'poto wa nsima, mayi a kunyumba atapita ku Biwi kukaona odwala. Nsambo zinatsitsimuka ndithu, ndipo kabokosi kanayamba kumva zolakwa zanga momveka bwino kuposa kale. Nsima ya usiku umenewo inali ndi kafungo kachitsulo, ndipo ndinavomereza limodzi ndi banja lonse kuti chigayo cha masiku ano sichikuyenda bwino.

Usiku wina ndinasiya gitala itatsamira mpando, zonse zili zoyaka, nkupita kukasamba. Sipika inayamba yokha kulira noti imodzi yakuya, kuleka, kuyambanso. Mayi a kunyumba anatuluka kuchipinda atagwira chitenje pachifuwa.

"Abambo, chinthu chanuchi chikuyimba chokha. Alamu anu anachigula kwa ndani?"

Ndinawatsimikizira kuti si za mizimu, ngakhale kuti inenso ndinaima patali ndithu. Yankho linabwera ndi mphwanga yemweyo. Magetsi a kuno amayenda pa 50 Hz, ndipo nyumba ya lendi imene tikukhalayi ilibe waya wopita pansi, choncho m'zingwe mumakhala kam'ng'ung'udzo kosatha. Noti ya G yapansi pa besi ndi 49 Hz. Kabokosiko kanamva kung'ung'udza kwa nyumba nkuganiza kuti pali munthu akuyimba G. Chimene chinandipweteka nchakuti G wa nyumbayo anatuluka woyera kuposa wanga. Kuyambira pamenepo tinkajambula laputopu itachotsedwa kukhoma, ndipo magetsi akazima ife ndiye timati situdiyo yatseguka.

Njira yothana ndi kuchedwa ilipo, ndipo amene amagwiritsa ntchito zipangizozi amaidziwa. Nsambo yaing'ono ya G imanjenjemera ka 98 pa sekondi, ndipo ukaidina pa fureti ya 12 imafika ka 196, kunjenjemera kumodzi nkumangotenga mamilisekondi 5. Ndiye umayimba kumtunda kumeneko, kompyuta nkutsitsa manotiwo kuti amveke akuya. Ndinamanga sokosi pakhosi pa gitala kuti nsambo zinazo zikhale chete, ndinasiya kutsetsereka, ndinasiya kumenya, nkumangodina kamodzikamodzi mwamantha. Munthu wa nsambo zinayi ndinatsala ndi imodzi. Ndinadzitonthoza kuti Yobu Maligwa wa Madalitso Band, wa mumzinda wathu womwe uno, nayenso amayimba babatoni ya nsambo imodzi. Kungoti iye yake inamufikitsa ku Sauti za Busara ku Zanzibar mu 2017 kenako ku Ulaya, pomwe ine yanga inandifikitsa pakhonde, ana atandipempha kuti awerenge.

Tsiku lojambula nyimbo ya kwaya ndinayimba ndi mtima wonse, ndipo ndinagona ndili wokhutira. Pakati pa usiku ndinadzuka kuti ndipite panja, ndinapeza mphwanga ali tcheru pa laputopu, zomvera zili m'makutu. Ankakoka manoti anga limodzilimodzi kuwaika pamzere, ena kuwafupikitsa, ena kuwafufuta. Pa kolasi anafufuta onse nkulemba ake, odumphadumpha, oti zala zanga sizingawafike ngakhale nditasala kudya. Ndinaima kumbuyo kwake kanthawi, kenako ndinabwerera kukagona mwakachetechete ngati sindinaone kanthu. M'mawa anandiimbira nyimboyo nkunena kuti, "Amalume, dzulo munali pa fomu." Ndinamuyankha kuti zimafuna zaka zambiri.

Ndinamufunsa tsiku lina kuti mwa manoti onse a m'nyimbomo anga atsala angati. Anayang'ana pa sikirini nthawi yaitali, mwana waulemu, nkunena kuti loyamba lija ndi langa, anangolisuntha pang'ono.

Tsopano komiti ya kwaya yakonza zokhazikitsa chimbale, ndipo akuti zonse zikayimbidwe pamaso pa anthu. Apampando anandiitanira pambali Lamulungu nkundiuza kuti, "Bambo, musakasinthe kalikonse, mukayimbe ndendende mmene munayimbira muja, makamaka pa kolasi paja." Ndinawalonjeza kuti asadandaule.

Mphwanga wati nkhaniyi ndi yaing'ono. Iye akakhala kuseri kwa masipika ndi laputopu, ine ndikaima kutsogolo ndi gitala yotsekedwa voliyumu, ndipo ndikhoza kutsetsereka ndi kumenya mmene ndingafunire. Mtengo wake ndi bando ya intaneti ya mwezi wathunthu, komanso kuti asamatsuke mbale mpaka teremu ithe. Za bando tagwirizana. Za mbale akuti ndikakambe ndekha ndi azakhali ake, amene anandiuza kale kuti asanamve china chilichonse akufuna aone uthenga wa alamu anga wonena za mtengo wa kabokosi kaja.