Kiki Yabweza pa Katete

Pamphambano pomwe msewu wa ku Chanida umapatukira kuchoka mu Great East Road pali mthunzi womwe amakanika a njinga zamoto amayalapo masipana awo. Ndinali pamenepo kudikira galimoto ya ku Sinda pamene bambo wina anafika akukankha Honda XL250S yakalekale, thukuta lili kamukamu, akutsimphina.

"Amdala, njinga iyi yandimenya. Ndimati ndiponde kiki, yabweza. Taonani kakolo kutupa."

Mnyamata wothandiza pamalopo sanachedwe. "Kikiyi ikutererekanso. Tingoiwotcherera ku shafiti basi."

"Iwe, siya mashiniwo," anatero makanika wamkulu wa pamalopo. Anagwada, nagwira kiki ndi dzanja, naitsitsa pang'onopang'ono mpaka inalimba gwa. Kenaka anatsatira ndi chala kakebulo kochokera pafupi ndi kiki kukwera kumutu kwa injini. Kanali kolendewera. "Nanga aka anadula ndani, bambo?"

"Mnyamata wina kwathu ku Vubwi. Anati kalibe ntchito."

Mkuluyo anapukusa mutu. Zimene analongosola ndikufuna aliyense wokwera njinga zakalezi azimve. Injini ya silinda imodzi, ikakhala yaikulu chotere, pisitoni ikamakwera imapanikiza mpweya ndi petulo mwamphamvu kotero kuti mwendo wa munthu umavutika kuidutsitsa pamwamba. N'chifukwa chake a Honda, pomwe ankatulutsa njingayi mu 1978, anaikapo kakebulo kaja: ukaponda kiki, kamatsegula valavu ya ekizozi pang'ono chabe, mpweya wina n'kuthawa, injini n'kuzungulira mwaliwiro. Pa Yamaha XT500 ya 1976 ntchito yomweyo amagwira ndi kachogwirira ka pachiwongolero, komwe wokwera amakoka yekha. Ukadula kebulo, pisitoni imakwera mwaulesi, moto n'kuyaka isanafike pamwamba, injini n'kubwerera m'mbuyo, mphamvu yonse n'kuthera pa kakolo wako.

"Ndiye tikaika yatsopano tiikoke kwambiri?" anafunsa mnyamata wothandiza uja.

"Ayi, mwana wanga. Ukaikoka kwambiri valavu sitsekeka. Kiki imapepuka ngati ukuponda phala, ungaponde mpaka dzuwa kulowa njinga osalira. Ikalira, valavuyo imapsa. Uyambe wachuna mavalavu injini ili yozizira, pisitoni ili pamwamba, kebulo pambuyo, ndipo uisiyire kampata kosewera. Ikabwezabe, uone ngati moto sukubwera nthawi yolakwika."

Za kuterereka anazimaliza mwachidule: boti yomanga kiki inamasuka kale, mano a shafiti n'kudyeka pang'ono. Anatsuka, naika boti yatsopano, namanga. Koma pa nkhani yowotcherera anakweza mawu mpaka amayi ogulitsa nthochi anatembenuka. "Ukawotcherera lero, mawa sipuling'i ya mkati ikaduka, chivundikiro cha injini uchichotsa bwanji? Udzacheka shafiti. Ndipo shafiti ya njinga iyi sudzaipeza pano, mwina ngakhale ku Chipata. Komanso moto wowotcherera umapsereza labala yotchinga oilo."

Ine ndili kumbali ya mkuluyu ndi mtima wonse. Anyamata ambiri aphunzira ntchitoyi pa njinga zatsopano za ku India ndi ku China, za injini zazing'ono zosavuta kuliza, zina zongodina batani. Si mlandu wawo kuti kakebulo aka sakukadziwa. Mlandu umabwera pamene munthu adula chimene sanachimvetse m'malo mofunsa. Kumidzi ya ku Vubwi ndi ku Sinda njinga yoteroyo ndiyo imanyamula thumba la soya, feteleza, ndi wodwala pakati pa usiku. Mwini wake akathyoka kakolo nthawi yokolola, banja lonse lavulala.

Kebulo yeniyeni panalibe. Mkuluyo anatenga ya kulatchi, naifupikitsa, naiyesa kangapo mpaka kampata kanakwana. Anauza mwini njinga kuti azitsitsa kiki pang'onopang'ono mpaka ilimbe, aibweze m'mwamba, kenaka aponde kamodzi mpaka pansi, dzanja osapotokola mafuta. Poti mwendo unali wotupa, anaponda ndi mnyamata uja, ndipo njinga inalira.

Inu eni njinga zakalezi, kiki ikayamba kubweza kapena kupepuka mwachilendo, musaikakamize. Pitani nayo kwa makanika amene amayamba wafufuza asanagwire mashini owotcherera.