Mmene Mungaonongere Buku la Zithunzi za Nkhondo

Poyamba penipeni, musafufuze kanthu. Harvey Kurtzman, mkonzi wa Two-Fisted Tales ndi Frontline Combat ku America m'zaka za m'ma 1950, ankathera masiku m'nyumba zowerengeramo mabuku pofuna kudziwa maonekedwe enieni a mfuti ndi yunifolomu. Inu nthawi yotere muitenga kuti? Mfuti ndi mfuti basi. Mukam'gwiritsa AK-47 msilikali wa 1916, pomwe mfutiyo idadza patatha zaka 30, adzakudandaulirani ndani? Eni akewo adagona kalekale.

Msilikali wanu azisamba. Apa ndi pomwe Jacques Tardi wa ku France adaphonya. Iye adadzaza buku lonse ndi ngalande za Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse: matope ofika m'mawondo, makoswe onenepa, mitembo yokodwa pa waya waminga, anyamata akulira mayo. Munthu ukawerenga, nsima siilowa. Wanu akhale wometa bwino, malaya ositasita, nsapato zili phuliphuli ngati akupita kuchinkhoswe. Nsabwe musaziyandikire, n'zovutanso kujambula.

Adani azifa khumikhumi, opanda maina, opanda amayi awo. Ngwazi yanu chipolopolo chizingoikanda paphewa.

Pa 1 July 1916, tsiku loyamba la nkhondo ya ku Somme, asilikali a Britain oposa 19,000 adafa. Joe Sacco adajambula tsikuli pa chithunzi chimodzi chotalika kuposa mamita 7, osaikamo ndi liwu lomwe. Kuwononga pepala kumeneko. Inu aliyense wolasidwa muzim'patsa mpata wolankhula ndime ziwiri za kukonda dziko lake asanatsirizike.

Chenjeraninso ndi anthu omwe adaiona nkhondo ndi maso. Shigeru Mizuki wa ku Japan adasiya mkono wamanzere pachilumba cha New Britain, ndipo atabwerera adajambula njala, malungo ndi makofi omwe akuluakulu ankawomba asilikali awo omwe. Munthu wotere amadziwa zambiri mopitirira muyeso, angakusokonezeni.

Nkhani ikakufikitsani kuno kwathu, pa Nkhondo ya Chiwaya, yomwe ndi Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse ija, ku Karonga mu September 1914, ntchito yaphwekeratu. Kutsogolo ikani mzungu wa ndevu zake, dzanja litaloza kumpoto. Asilikali a Keyala akhale timizere takuda chakumbuyo uko, nkhope sizifunika. Kalata yomwe John Chilembwe adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times chaka chomwecho, yodandaula za Aafirika ofera nkhondo ya eni, ingakuchedwetsereni nkhani, idumpheni. Koma makamaka amtengatenga, aja ankasenza ufa ndi zipolopolo pamutu n'kumagwa ndi kamwazi m'njira, asaoneke ngakhale phazi. Akaoneka mmodzi yekha, wowerenga ayamba kufunsa kuti kwawo kunali kuti, adam'tenga bwanji, nanga adabwerera? Mabokosi a katundu wawoyo ajambuleni ali kale pamsasa, atasanjidwa bwinobwino.