Mbuzi Yokondwa pa Mtsetse

Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi. Iwo ankanena za mbuzi yeniyeni, yodumphadumpha pachulu osadziwa kuti mwini wake wamvana kale mtengo ndi wootcha kanyenya. Masiku ano mbuzi yokondwa kuposa zonse ili ndi matayala anayi, imamwa dizilo, ndipo chimwemwe chake chimasefukira ikayamba kutsika mapiri a ku Chikwawa itasenza simenti, kumbuyo ikukokanso ngolo.

Pachitunda pikapu ya dizilo ndi yaulemu, imabuula koma imamvera. Pamtsetse ndiye imachita mwano: mwachotsa phazi pa mafuta, iyo osamva. Vutoli ndi lachibadwa. Injini ya petulo ili ndi kachitseko polowera mpweya. Mukasiya kuponda kamatsekeka, injini n'kumavutika kupuma, ndipo kuvutikako n'kumene kumagwira galimoto. Dizilo sadalira kachitseko kotere. Mpweya umalowa mmene ukufunira, pisitoni n'kuupanikiza, iwonso n'kuikankha pisitoniyo pobwerera. Ngongole yabwezedwa pompo, palibe watopa.

Ntchito yonse imatsalira mabuleki. Blantyre ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, Chikwawa sifika n'komwe 200, ndipo kutsika konseko mabuleki amakusandutsa moto. Mapadi akapsa amayamba kuterera. Mafuta a mabuleki a DOT 3 akakhala atsopano amapirira mpaka madigiri 205, koma akamwa chinyezi angathe kuwira pa 140. Nanga ndani mwa ife amawasintha asanadonthe okha? Akawira, phazi limangolowa mpaka pansi osapeza kanthu. Apo amalonda afika kale: wokoka magalimoto akufa, wowongola mabodi, wogula zitsulo pa sikelo, ndi aja a matabwa amene sitiwatchula usiku.

Palinso adalaivala anzeru zopyola, ochotsa giya pamtsetse ati kusunga mafuta. Pa injini zamakono, giya ikakhala ili m'kati ndipo phazi lachoka, kompyuta imadula dizilo yense. Mukaichotsa, injini imayamba kumwa kuti isazime. Ndiye kuti munthu akuika moyo pachiswe kuti awononge mafuta ambiri. Luso limeneli n'losowa.

Mankhwala a vuto la pamtsetseli ndi buleki ya ku ekizozi, ndipo ndi oseketsa. Mwana akatseka paipi ya utsi ndi chitsononkho, khutu lake limadziwa tsikulo. Bambo ake akafuna kuchita zomwezo amaitanitsa chitsulo kunja, kulipira msonkho, kulipiranso makaniko. Ndi vavu yozungulira yoikidwa mu paipi kuseri kwa turbo. Mukasiya kuponda mafuta imatseka njira, utsi umasowa kolowera, mapisitoni n'kumalimbana nawo, galimoto n'kumatsika mwaulemu mabuleki akupuma. Oyendetsa Canter, Dyna kapena Isuzu za ku Japan sadabwa nazo: kandodo kake kali pafupi ndi chiwongolero, ndipo amadziwa kamvekedwe kake konga kubanika. Musaisokoneze ndi Jake brake ya mathiraki akuluakulu, ija imalira ngati mfuti. Imeneyo imatsegula mavavu a m'injini momwemo, ndipo inabadwa ndi mantha: mu 1931 Clessie Cummins anatsala pang'ono kuwomba sitima akutsika Cajon Pass ku California mabuleki atakana. Kampani ya Jacobs inayamba kuigulitsa mu 1961. Zaka 30 munthu akukumbukirabe sitima imodzi.

Kwawo kwenikweni kwa buleki ya ku ekizozi pa mapikapu ndi ku America ndi Canada, kumene anthu amakoka nyumba zathunthu popita kokapuma. Makampani monga Pacbrake ndi BD Diesel amadyera pomwepo, mpaka Dodge inayamba kuiika yokha pa Ram ya injini ya Cummins ya malita 6.7 mu 2007. Apa mwambi uja umaluma mbali zonse, chifukwa wogulitsa vavuyo nayenso ndi wamalonda, ndipo sabwera yekha. Pa Cummins yakale ya malita 5.9 ya mavavu 12, masipuling'i a mavavu ndi ofooka. Utsi ukapanikizika mpaka 60 psi amalola vavu kutseguka pa nthawi yolakwika, n'kutheka kupsompsonana ndi pisitoni. Gulani masipuling'i olimba. Ngati galimoto ndi yosintha magiya yokha, torque converter iyenera kumangika, apo ayi injini ikugwira koma matayala sakumva, mafuta a giyabokosi akungotentha. Gulani kabokosi kolamula zimenezo. Vavu ina imayenda ndi mpweya: gulani kompuresa. Kenako mawaya, kuti mukangogunda chopondera mafuta vavuyo itseguke msanga. Makaniko amene anganene kuti "tingolumikiza pa switchi ya wailesi, bwana," m'patseni ya basi abwerere.

Ndipo musayembekezere zozizwitsa. Mphamvu yogwira imatsata kukula kwa injini, choncho Hilux ya malita 2.4 singagwire ngati chimphona cha 6.7. Imatsatanso liwiro la injini: pa giya yachisanu ikung'ung'udza chapansipansi, vavuyo ndi chokongoletsera chabe. Muyenera kutsitsa giya musanayambe mtsetse, zomwe agogo anu ankachita pa Bedford popanda kulipira aliyense. Mvula ikagwa pa Chiweta kapena pa Khwekhwerere, kumbuyo kulibe katundu, zimitsani vavuyo, chifukwa imagwira matayala okoka okha, ndipo mchira wa galimoto ungafune kupita patsogolo kukaona kumene mukulowera.

Chowawa kwambiri n'chakuti palibe wokuyamikirani. Wogula marimu onyezimira ndi nyali zothobwa m'maso amapatsidwa ulemu pamalo otsukira magalimoto. Inu mukwawitsa mnzanu pansi pa galimoto, kumulozera kachitsulo ka mwaye.

"Ndiye yawonjezera liwiro?"

"Ayi, imachepetsa."

"Ndalama zonsezo kuti iziyenda pang'onopang'ono? Mukanangondiuza, achimwene. Yanga ija imachita zimenezo yokha, ngakhale pokwera."