Alamu, Penti Si Simenti

Mayfair, Johannesburg

Okondedwa alamu,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi achemwali anu ndi ana onse kumeneko ku Chilobwe. Ine kuno ndikupuma ndithu, kungoti msana wayamba kundifunsa zaka.

Zithunzi zija munatumiza pa WhatsApp ndaziona. Nyumba yawala, sindikana, buluu ameneyo ngakhale ali ku Chimwankhunda akumuona. Koma nditakulitsa chithunzicho ndi zala ziwiri, ndapeza mng'alu uja wa pakona ya chipinda cha ana ulipobe, wangovala buluu basi. Alamu, ndalama ndinatumiza pa Mukuru zija zinali za maziko. Ndinanena katchutchutchu pafoni, inu n'kumati "ndamva, ndamva" wailesi ikulira za Bullets kumbuyoko.

Mudziwe kuti pa nkhani imeneyi panopa ndine katswiri. Ndikugwira kwa kontilakita wina wotseka madzi m'nyumba za anthu opeza bwino ku Northcliff. Kumeneko n'kuphiri, ndipo eni nyumba amakumba chipinda chathunthu pansi pa nthaka, amati basement, n'kumasungamo magalimoto ndi mabotolo a vinyo. Munthu wamoyo, wandalama zake, kudzikumbira yekha pansi! Ndiye mvula ya kuno imabwera masana ndi matalala, madzi n'kulowa, iwo n'kutiimbira foni akulira. Bwana wanga akafika sathamangira mkati. Amayamba wazungulira panja, manja kumbuyo, kufunafuna kumene madziwo akuchokera. Kenako ife timakumba kunja kwa khoma mpaka pansi penipeni, kulitsuka, kulimata phula ndi moto wa gasi, kuyala paipi yobowolabowola m'munsi, n'kukwirira ndi miyala ya kwale kuti madzi apeze njira yawo yotsetserekera kumsewu. Pa bilu phula ndiye limadya ndalama zambiri, koma kunena mosabisa ntchito yeniyeni imagwira ndi paipi ija.

Nyumba yathuyo ilibe basement, ngakhale mmene madzi akukumbira kunsi kwakeko, ikhala nayo posachedwa popanda ife kulipira.

Apa ndisiye kaye nthabwala. Za pa 13 March 2023 simufunika kuuzidwa ndi ine, munali komweko, munagwira nawo khasu pofukula anzathu pamene namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche n'kutsitsa matope ndi miyala pakati pa nyumba za anthu. Ine ndinkangoona pafoni, mpaka lero sindinazolowere. Miyala ngati imene ija palibe simenti ingailetse, ndipo nyumba yathu inatsala chifukwa matopewo anadutsa kwina, osati chifukwa cholimba. Chimene chikuidya panopa ndi timadzi ta chaka ndi chaka, tochokera kumtunda kuyambira December mpaka March, timene timafika pakhoma lakumbuyo n'kupeza kuti palibe watiuza kolowera. Timangokhala pomwepo, dothi n'kufewa, kona n'kumira pang'onopang'ono.

Ndamvanso kuti zoyera zikutuluka m'munsi mwa khoma zija achemwali anu akuti ndi mankhwala a anansi, ndipo munabweretsa mneneri wina kudzawaza madzi. Khoma likudwala madzi, inu n'kulipira munthu kuti alionjezere madzi ena! Umenewo ndi mchere, alamu. Chinyezi chimakwera m'njerwa kuchokera pansi, chikauma chimasiya mchere ndipo pulasitala amayoyoka. Mmisiri anamanga nyumbayo sanayale pepala lakuda lotchinga chinyezi lija pamwamba pa maziko, anati n'zachizungu. Anansiwo apepeseni, n'kutheka kuti nawonso khoma lawo likuchita zomwezo ndipo akuganizira ife.

Tsopano mverani, muzimitse wailesi. Musanagule chilichonse, palani penti pamng'alupo, matanipo kasimenti kochepa ngati chikhatho, mulembepo deti ndi msomali. Kakang'ambika pakatha masabata angapo, ndiye kuti maziko akuyendabe, ndipo kumata pulasitala n'kutaya ndalama. Zikatero muitane mmisiri wodziwa kuchirikiza maziko, osati mnzanu uja wa pabawo amene amamanga chilichonse kuyambira khola la nkhunda mpaka tchalitchi. Akumbe kunsi kwa maziko dzenje lotalika mita 1 basi, mpaka apeze dothi lolimba, athiremo konkire, ilimbe, ndiye adumphe mamita 2 n'kukumba lina. Otsalawo awabwerere pambuyo. Akadzati akumbe mbali yonse tsiku limodzi kuti amalize msanga, mulandeni piki, chifukwa khomalo lidzakhala pansi ndi iye yemwe.

Konkireyo ikhale ya ndowa 1 ya simenti, 2 za mchenga wa kumtsinje, 4 za kwale. Ndowa yake ikhale imodzimodziyo. Ndikuwadziwa amisiri akwathu, simenti amayezera kandowa ka ana, mchenga amayezera beseni losambira, kenako n'kumati simenti ya masiku ano ndi yofooka. Muziithirira madzi masiku 7. Apa ndiye mneneri uja angathandize.

Koma zonsezi n'zachabe ngati madzi sanapatsidwe njira. Kumtunda kwa nyumba mukumbe ngalande yozungulira, muiyale miyala ndi simenti, ikatulukire kungalande yapamsewu, osati pakhomo pa anansi tangowapepesa aja. M'mbali mwa khoma monse muwake kakhonde ka konkire kotambalala mita 1, kopendekera kunja, kuti madzi a padenga azigwera pamenepo n'kuthawa. Madzi a kubafa nawonso asiye kudutsa m'tsinde mwa khoma. Mtengo wa mango uja munabzala moyandikana ndi windo ndikudziwa mumaukonda, koma mizu yake ili kale m'chipinda cha ana ndipo sikulipira lendi.

Za mtengo wa simenti musandiuze, ndikudziwa kuti chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mtengo wa m'mawa sufika madzulo. N'chifukwa chake mukalandira ndalama zimene nditumize mupite tsiku lomwelo kukagula, musadutsire kumsika wa kanyenya. Matumbawo muwasanje pamatabwa, osati pansi, osagunda khoma, apo ayi mudzapeza asanduka miyala ya makilogalamu 50. Ndipo chithunzi chake mujambule mutaikapo nyuzipepala ya tsikulo pamwamba, deti likuoneka. Sikuti ndikukukayikirani, koma matumba a pachithunzi cha ulendo watha ndi a ulendo winawo onse anali ong'ambika pakona imodzimodzi.

Katundu ndamukweza basi ku Park Station, adutsa ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete ndi Mwanza, mukamulandire pa Wenela. Muli mabulangete a amayi, nsapato za ana ndi levulo ya mmisiri. Levuloyo si ya ana yoseweretsa, ndipo madzi ali mkatimo si akumwa. Jekete yachikopa munapempha ija ndagula, ndaiyesa, ikundikhala bwino kwambiri. Idzakwera basi ndikadzaona chithunzi cha ngalande madzi akuyendamo.

Mupereke moni kwa amayi, kwa atsibweni ndi kwa onse a kumpingo.

Ndine mlamu wanu,
wa ku Joni