Walira Mvula, Walira Mafinya

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Ankanena za munda, koma akanati alowe m'chipinda choyezera magazi lero, bwenzi atangogwedeza mutu n'kufunsa adokotala kuti, "Zimenezi mwachita kupitira ku yunivesite?"

M'thupi mwa munthu aliyense muli jini yotchedwa CXCL8, imene imakhala pa chromosome 4. Ntchito yake ndi kulira basi. Minga ikakulasani, kapena mabakiteriya akalowa pabala, maselo a pamalopo amadzutsa jiniyi n'kutulutsa kapuloteni kakang'ono kotchedwa interleukin-8. Kanadziwika mu 1987, pomwe Teizo Yoshimura ndi Kouji Matsushima ku America, komanso gulu la Marco Baggiolini ku Bern, anakapeza pafupifupi nthawi imodzi. Kapuloteni kameneka sikapha kachilombo ngakhale kamodzi. Kake n'kukuwa: kuno kwaipa, thamangani!

Othamangawo ndi ma neutrophil, asilikali amene ndi oposa theka la maselo oyera a m'magazi a munthu wamkulu. Mafupa athu amapanga pafupifupi 100 biliyoni tsiku lililonse, ndipo ambiri sakhalitsa. Akamva kuitana amamatirira kukhoma la mtsempha, kudzipanikiza pakati pa maselo, n'kulondola komwe kapuloteni kaja kachuluka mpaka atafika pabala. Mvula yagwa.

Amene ali pa gulu la WhatsApp la banja akudziwa kale chotsatira. Mlongo wanu walemba m'mawa kuti, "Amayi sanadzuke bwino, tithandizane." Iye amafuna ya thiransipoti ndi munthu mmodzi wodikirira kuchipatala. Dzuwa lisanapendeke uthenga wafika pa gulu la mpingo, la banki m'khonde ndi la anzawo a kusekondale. Atsibweni a ku Johannesburg atumiza mawu a mphindi 9 opanda tambala m'kati. Azakhali atsika basi ndi mphasa, ana atatu ndi njala. Wina wabwera ndi mneneri, wina ndi mankhwala a m'botolo lopanda dzina, ndipo msuweni wina wachangu waika kale chithunzi cha mayiwo pa status, pambali pali kandulo. Amayi odwala aja tsopano akuphikira alendo.

Ma neutrophil nawonso ndi akatswiri opatsira uthenga. Akafika pabala amatulutsa interleukin-8 yawoyawo, kuitana anzawo, anzawowo n'kuitananso ena. Amameza mabakiteriya, inde, koma amathiranso mankhwala aukali osasankha mdani kapena mwini nyumba. Malo aja amatupa, kutentha, kupweteka. Akatha ntchito amafera pomwepo, poti njira yobwerera ambiri saidziwa. Mafinya amene mumafinya pachithupsa mutakwinya nkhope, kwakukulu ndi mitembo ya anthu amene munawaitana nokha. Ngakhale kubiriwira kwa makhololo a chifuwa kumachokera ku enzyme yawo yotchedwa myeloperoxidase.

Pachala matope otere ndi oseketsa. M'mapapo ndi nkhani ina. Utsi wa fodya umachititsa maselo a m'njira za mpweya kulira kosalekeza, ndipo asilikali obwera chaka ndi chaka amadya pang'onopang'ono mnofu wa mapapo omwe anabwera kudzateteza. Mu 2020 madokotala anaona kuti odwala Covid-19 ambiri okayakaya anali ndi interleukin-8 yochuluka m'magazi, pamodzi ndi mapuloteni ena oitanira. Mapapo ankadzaza madzi chifukwa cha chipwirikiti cha othandiza. Mu June chaka chomwecho kafukufuku wa RECOVERY wa ku Oxford anasonyeza kuti dexamethasone, mankhwala akalekale otchipa amene amatontholetsa kulira kotereku, anachepetsa imfa za odwala opumira makina ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kunena mwachidule, admin anatseka gulu. Koma kwa odwala amene sankafunika mpweya wa okosijeni mankhwalawa sanathandize, chifukwa kutseka gulu amayi asanapeze wowaperekeza n'kulakwanso.

Ine ndimakana anthu amene amamva mwambiwu ngati ukuletsa kulira. Pali ana ena, ochepa kwambiri, amene amabadwa ndi vuto lotchedwa leukocyte adhesion deficiency. Thupi lawo limaitana bwinobwino, asilikali amamva, koma amalephera kumatirira kukhoma la mtsempha kuti atuluke. Ana otere mchombo wawo umachedwa kugwa, nthawi zina kupitirira mwezi, ndipo mabala awo sachita mafinya. Mayi atha kunyadira kuti bala la mwana ndi loyera, chonsecho ndi munda umene mvula yaulambalala, ndipo mabakiteriya akuchita ufumu. Dokotala wodziwa amada nkhawa ndi bala lonyeka lopanda mafinya kuposa chithupsa chakupsa.

Chodabwitsa n'chakuti mbewa ndi makoswe, zomwe asayansi amayesera pafupifupi chilichonse, zilibe jini ya CXCL8. Makolo azo anaitaya kalekale, ndipo izi zapatsa ofufuza mutu waching'alang'ala pofuna kuiphunzira. Musaganize kuti zinapeza mtendere. Zili ndi majini ena apachibale amene amaitana ma neutrophil momwemo, ndipo nazo zimatupa ndi kuchita mafinya. Zinatuluka pa gulu mwaukali, n'kukatsegula lina lokhala ndi anthu omwewo.