Alandilodi ndi Malamulo: Tiseke Mwezi Usanathe

 Lero tagwira eni nyumba.

Alandilodi ena a ku Kawale anafika kupolisi atatupa ndi mkwiyo. "Bwana, tenanti wanga watha miyezi inayi osalipira, kam'mangeni!" Wapolisi anapukusa mutu: "Madala, sitimanga munthu chifukwa cha ngongole ya lendi. Nkhani imeneyi ndi ya sivo." Madala anathokoza n'kukwera minibasi. Madzulo akazi awo anafunsa: "Mwayenda bwanji, bambo a kuno?" Iwo anati: "Pa Civo Stadium ndafika, pageti ndalipira, ndakhala mphindi 90. Nkhani yathu sanaitchule n'komwe. Woweruza wake wavala kabudula, akungoimba wezulo."

Ku Ndirande nako bambo wina anali atayamba kale kutulutsa mapoto a tenanti wake pamene mwana wawo anabwera akuthamanga. "Ababa, siyani! Wakatenga injankishoni ku High Court!" Bambowo anatsitsa poto pang'onopang'ono. "Kukhoti ayamba kubaya jakisoni? Kandiitanireni kabaza, nanenso akandibaye. BP yangayi anaiyambitsa ndi iyeyu."

Mayi wina wa ku Area 25 anauzidwa kuti mgwirizano wa lendi uzilembedwa papepala, ndipo posaina pazikhala mboni ziwiri. Loweruka m'mawa anangoima pageti. Posakhalitsa anakoka anthu awiri ovala bwino, zikwama m'manja. Anakhala nawo pakhonde maola atatu. Mnzawo atafunsa ngati pepala lasainidwa, mayiwo anati: "Lendi sitinaifike, asisi. Koma tenanti wanga Lamlungu akupita ku Nyumba ya Ufumu, ndipo ine andisiyira Nsanja ya Olonda."

Ya kuchotsa chitseko mukuidziwa. Alandilodi ena a ku Bangwe anazula chitseko kuti tenanti athawe mphepo ya mu June. Usiku akuba anangolowa ngati kwawo. Tenanti analibe kanthu kupatula mphasa ndi mbaula, ndiye akubawo anazula mawindo, masoketi ndi mpopi wa kubafa. Kukhoti majisitireti anafunsa tenanti: "Bwanji simunakuwe?" Iye anati: "Bwana, ndimayesa ndi alandilodi abwera kudzamaliza ntchito."

Wina anauza tenanti wake kuti dipoziti ili ngati ya botolo la Fanta: ukabweza lopanda kanthu, ndalama yako ibwerera. Tsiku losamuka anapeza mababu palibe, sinki palibe, ngakhale chigwiriro cha chitseko palibe. Tenanti anatambasula dzanja: "Botolo lanu ilo, bwana, mulibe ngakhale dontho."

Gogo wina wa ku Mangochi, makutu atayamba kutopa, anapita kwa loya. Loya anafotokoza kuti wotulutsa munthu m'nyumba ndi masherifu, atanyamula chikalata cha khoti, osati mwini nyumba ndi adzukulu ake. Gogo anagwedeza mutu, mawa lake anabwera ndi mashehe awiri. Akuluakuluwo anavula nsapato, anamva mbali zonse, kenako anauza gogo kuti munthu wovutika amafunika kumulezera mtima, amupatse miyezi ina itatu. Tenanti anawaphikira tiyi. Shuga anakabwereka kwa gogo.

Munthu wa tayi anafika pa nyumba ina ku Chilomoni n'kuyamba kuyang'ana makoma. Mwini wake, poganiza kuti wapeza tenanti wa ndalama, anayamba kutama: "Matailosi a ku Joni awa, malata ndi atsopano, nyumba ngati iyi mungaipeze ku Namiwawa kokha!" Munthuyo analemba zonse n'kunena kuti wachokera kukhonsolo, akuwerengera mtengo wa nyumba kuti aikepo msonkho. Patatha sabata kunabwera wa tayi wina. Alandilodi anachenjera: "Imadontha iyi, chiswe chili thoo, njoka zimalowa mpaka kuchipinda." Munthuyo anabweza envelopu m'thumba: "Pepani, ndinabwera ndi lendi ya miyezi isanu ndi umodzi."

A ESCOM anapeza waya wolambalala mita pa nyumba ina ya lendi ku Chinsapo, ndipo anadula magetsi. Kalata ya chindapusa inapita kwa mwini nyumba, poti mitayo ili m'dzina lake. Bamboyo anaiwerenga kawiri, n'kuitembenuza. "Achimwene, ine ndimagona ku Likuni. Mukundiuza kuti dzina langa limatsala kuno usiku n'kumaphika nyemba pa hotipuleti?"

Bungwe lina linachita lendi nyumba ya mayi wina ku Nyambadwe kuti muzikhala wantchito wawo. Lendi itabwera inali yoperewera, ndipo anamuuza kuti adulako msonkho n'kupereka ku MRA monga mwa lamulo. Mayi anamanga chitenje mpaka ku Msonkho House. "Ndikufuna kuonana ndi a MRA amene akudya nawo lendi yanga." Kalaliki anafunsa: "TPIN yanu, mayi?" Mayiwo anabisa foni m'chitenje: "Mwana iwe, PIN yanga ya Mpamba sakuidziwa ngakhale amuna anga." Atafotokozeredwa bwinobwino anadekha, nati: "Chabwino, popeza nyumbayi tikugawana, muwauze kuti mwezi uno kupopa chimbudzi ndi kwawo."

Ku Chikanda ku Zomba, bambo wina anapereka chipinda kwa mnyamata mmodzi wa ku yunivesite, pepala likunena poyera kuti asalowetsemo wina. Atapita kukayendera anapeza nsapato mapeya asanu ndi atatu pakhomo. Anagogoda, ndipo kunatuluka mnyamata wosamudziwa amene anawayang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ankolo, mwachedwa, malo atha. Patsala pakhonde, koma muyambe mwaonana ndi alandilodi athu. Ali m'kalasi."

Mvula itagwa masiku atatu, chimbudzi chokumba cha pa nyumba ina ku Mtandire chinatitimira tenanti ali momwemo. Anthu anamuvuula ndi chingwe, wamoyo, mwendo wokha utabinya. Amfumu anauza mwini malo kuti alipire kuchipatala, popeza anadandauliridwa kangapo za ming'aluyo. Iye anawerenga pa zala: "Amfumu, ine ndinam'chititsa lendi chipinda cha pamwamba. Cha pansichi walowamo yekha, ndiye tikambirane mtengo."

Wotsatirayu yekha ndinamumvera chisoni. Anauza dobadoba kuti amupezere tenanti, iye n'kupita kumudzi kukakolola. Pobwera anapeza mabanja atatu pageti, lililonse ndi lisiti yake ya miyezi itatu, onse akufuna makiyi kapena ndalama zawo. Anathamanga kukasaka dobadoba uja, n'kumupeza pa bawo. "Iwe, tiye ukaone zimene wachita kunyumba kwanga!" Dobadoba sanadzutse n'komwe mutu: "Kukaona nyumba ndi K10,000, bwana."

Wotsiriza ndi wa ku Chibavi ku Mzuzu. Anamulangiza kuti asathamangitse munthu ngati nkhuku, amupatse kaye notisi ya mwezi umodzi. Analemba bwinobwino, n'kukapereka ndi manja awiri. Mwezi utatha anapeza tenanti wadzala mpiru kuseri. "Nanga notisi ija?" Tenanti anamwetulira: "Ndinaisunga bwino, bwana. Ya mwezi uno mwabweretsa?"

Pa 30 payandikira, abale anga. Amene muli ndi ngongole, mugone chitseko mutachigwira.